Kuseri kwa Thabwa

Lero ndimaphwasula khoma kwa Mayi Ondina
pa phiri la Cordillera,
khoma lomwe munakhoma chaka cha chivomezi, ine ndisanabwere,
ndipo kuseri kwa thabwa lachitatu
ndakupezani.

Pensulo yanu yaphwatalala ija,
zilembo zopendekera kunyanja:
"Lachinayi. Mphepo ya kumpoto. Buledi wakweranso.
Maite waguluka dzino."

Ndinangoti khwithi pa utuchi, a Eleuterio,
hamala ili m'manja,
mpaka Mayi Ondina anadzasuzumira
kufunsa ngati ndadzitswanya chala.

Simunandiuzepo kuti mumalemba.
Zaka zisanu ndi zinayi ndikukusenzerani matabwa
pa masitepe a Valparaíso osatha kuwerenga,
inu patsogolo, misomali kukamwa,
kung'ung'udza nyimbo yopanda mutu,
ine pambuyo, wefuwefu.
Mukatembenuza thabwa n'kuwerama
ndinkayesa mukuwerengetsa miyeso.

Munkati nyumba ya paphiri ili ngati munthu woledzera:
usamuletse kudzandira,
ungomugwira mkono asagwe.
Thabwa munkayamba mwalinunkhiza musanalicheke.
Msomali wopindika munkaudzudzula
ngati mwana wa mnansi, mosakweza mawu,
kenako kuuwongola, n'kuuponya m'chitini cha khofi.
Zitinizo zilipo khumi ndi chimodzi.
Mayi Ximena akana kuti ndizitaye.

Kulonjerera ngongole ndiye kunakukanikani.
Msodzi wa kudoko analipira chitseko
ndi nsomba, nyengo yonse yozizira.
Wamasiye wa paphiri la Toro anapereka mandimu asanu,
inu n'kumuuza kuti wapyoza,
mandimu akwera mtengo masiku ano.

Koma ikangokwana faifi koloko,
ngakhale denga litatsala lata limodzi,
munkapukutira manja m'buluku:
"Renato akundidikira ndi masamu."
Inu pa chidutswa cha thabwa, mwana pa kope,
nonse kuphonya mofanana,
m'mawa n'kumati aphunzitsi ndiwo asokoneza.

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ukanakhala mtengo, mukanati usiyeni,
sunakhwime.
Lamulungu m'mawa, buledi wotentha m'khwapa,
pakati pa masitepe a kwanu
munakhala pansi ngati womanga chingwe cha nsapato.
Galu wa pakona ndiye anayamba kudziwa.
Buledi anafika kunyumba m'manja mwa mlendo,
akadali wofunda.

Bokosi tinagula la m'sitolo.
Ngodya imodzi sinakumane bwino.
Ndinaiphimba ndi chikhatho njira yonse
podikira kuti mutsokomole
monga munkachitira ndikalakwitsa.
Zii.

Kumanda anthu sankatchula maina awo.
Uyu amati, ndine wa zenera lija,
uyo, ndine wa khonde loyang'ana kudoko,
wina nkhalamba anangoti, mpando,
n'kulephera kupitiriza.

Shelefu ya kukhitchini kwanu
ikadali pa njerwa ziwiri.
"Loweruka likubwerali," munatero kwa zaka zinayi.
Ndinapita ndi zida kuti ndikaikhome,
Mayi Ximena anandigwira dzanja.
Akuti ikakhomedwa
adzasowa chokukalipirani.

Madzulo ano ndaima pa khonde la eni
kuyang'ana mapiri onsewa,
malata obiriwira, achikasu, ofiira, odyedwa dzimbiri,
zovala pa zingwe, sitima zikulira kumunsi.
Ndi nyumba zingati zikugona
ndi mawu anu kumsana, osadziwa?
Ndi mano angati, malungo angati,
mvula ya tsiku liti?

Kachidutswako ndacheka mosamala.
Ndikampatsa Maite.
Pano ndi namwino, mano ali gwa,
amaseka ngati inu, mapewa kuyamba.

Thabwa latsopano ndisanalikhome
ndinalitembenuza.
Pensulo yanga ndi yowonda, zilembo sizipendekera kulikonse.
Ndinaganiza nthawi yaitali
mpaka Mayi Ondina anayatsa magetsi.
Ndalemba kuti:
"Lachiwiri. Nkhungu. Buledi wakweranso.
A Barraza anali pano."

Msomali wachiwiri unapindika.
Uli m'thumba mwanga.